Nyumba ya m'mbali mwa nyanja kapena ya m'mitengo: werengerani kaye zomwe idzadye

Pa tsamba lino tinazolowera kukambirana za mtengo wa thumba la chimanga ku Mchesi kapena belo la kaunjika ku Limbe, koma sabata ino tiyeni tisuzumire msika wina umene katundu wake sasenzeka pamutu: msika wa nyumba za anthu achuma mumzinda wa Cape Town ku South Africa. Wina anena kuti izi n'za mabwana, ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza ndithu. Wamalonda aliyense geni ikayamba kuyenda, maganizo amathamangira ku poloti, ndipo funso limene limamusowetsa tulo wogula nyumba ya mamiliyoni kumeneko ndi lomwe lija timakumana nalo posankha benchi mumsika. Komanso ambiri tili ndi abale amene amagwira ntchito ya m'dimba ndi ya m'khitchini m'nyumba zimenezi, kotero maina amene nditchule apa ena munawamvapo pafoni.

Mzinda wa Cape Town unamangidwa mozungulira phiri la Table Mountain. Kumadzulo kwa phirili, moyang'anizana ndi nyanja yamchere ya Atlantic, kuli madera a Sea Point, Bantry Bay, Clifton, Camps Bay mpaka Llandudno, amene onse pamodzi amatchedwa Atlantic Seaboard. Kuseri kwa phiri lomweli kuli madera obiriwira otchedwa Southern Suburbs: Rondebosch, Newlands, Claremont, Bishopscourt ndi Constantia. Pamsewu pakakhala pabata, pa galimoto ndi ulendo wa theka la ola, koma ndalama yomweyo imagula zinthu zosiyana kwambiri mbali ziwirizi.

Kunyanja malo ndi ochepa. Dera lonselo ndi kamzere kopanikizika pakati pa phiri ndi madzi, moti nyumba zimachita kusanjikizana pamtsetse. Ku Clifton ziliko nyumba zoti galimoto silifika pakhomo, munthu amatsika masitepe atanyamula katundu wake, ndipo galaja lokha lagulitsidwapo pa mtengo woti kwina n'kugulira nyumba yathunthu. Chimene wogula amalipira kwenikweni si njerwa ayi, koma zimene aziona akatsekula windo: madzi ndi dzuwa likamalowa. Zili ngati benchi ya pageti la msika. Matabwa ake ndi omwewo, malo ake ndi aang'ono, koma mtengo wake ndi wina chifukwa mageti ndi owerengeka.

Kuseri kwa phiri ndalama imagula nthaka. Ku Constantia ndi Bishopscourt kuli mapoloti aakulu, kapinga, mitengo ikuluikulu yakalekale, ndipo nyumba zina zayandikana ndi minda ya mphesa. Munda wa Groot Constantia unayamba mu 1685 ndipo mpaka lero ukupanga vinyo. Munda wa boma wa zomera wa Kirstenbosch, umene unatsekulidwa mu 1913, uli komweko. Ndinenepo pang'ono modutsa: kukongola kwa mbali zonse ziwirizi kuli ndi mbiri yowawa. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linachititsa kuti mabanja amene sanali azungu asamutsidwe mokakamiza ku Claremont, Newlands, Constantia, Protea Village pafupi ndi Bishopscourt, ngakhalenso ku Tramway Road ku Sea Point.

Tsopano tifike pa phunziro lenileni. Nyumba ili ndi mitengo iwiri: wogulira, umene mumalipira kamodzi, ndi wosungira, umene mumalipira mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lodzaigulitsa. Ogula ambiri amanenerera zolimba pa mtengo woyambawo, wachiwiriwo osaufunsa n'komwe. Wogulitsa nsomba zaziwisi sangachite zimenezo. Iye amadziwa kuti pamwamba pa mtengo wopikulira pali ayezi, thiransipoti ndi zina zowonongeka panjira.

Nyumba ya kunyanja imadyedwa ndi mchere. Mpweya wochoka panyanja umanyamula mchere umene umamatirira pa chilichonse chachitsulo: geti, maloko, zitsulo za m'mawindo, makina oziziritsira m'nyumba, ngakhale galimoto. Dzimbiri likalowa m'zitsulo za mkati mwa konkire, zimafufuma n'kung'amba khoma kapena khonde, ndipo kukonza kwake si kwa m'misiri wa tsiku limodzi. Penti sakhalitsa. Pamwamba pa izi pali mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor, yomwe imawomba m'miyezi yotentha. Ku Camps Bay imatsika m'mapiri mwaukali moti mipando ya pakhonde imachita kumangiriridwa, pamene magombe a Clifton, apafupi pomwepo, ndi otchingika. Madzi a nyanjayo nawonso ndi ozizira kwambiri ngakhale kunja kutatentha, ndiye amene akugula poganiza kuti azisambira m'mawa uliwonse ayambe wayesa kuviika phazi.

Nyumba zambiri za kunyanjaku ndi mafulati a m'nyumba zosanja. Ukagula fulati, umalipira levy mwezi uliwonse ku bungwe la eni mafulati onse kuti azisamalira denga, chikepe, alonda ndi inshulansi ya nyumba yonseyo. Ikapezeka ntchito yaikulu, monga kukonza makonde odyedwa ndi mchere aja, bungweli lingathe kulamula levy yapadera, ndipo ukane usakane umapereka gawo lako. N'chifukwa chake wogula wochenjera amapempha kuona mabuku a ndalama a bungwelo ndi zimene anagwirizana pa misonkhano yawo asanasaine chilichonse.

Musaganize kuti nyumba ya m'mitengo sidya. Imadya, kungoti chakudya chake n'china. Ku Cape Town mvula imagwa nthawi yozizira, makamaka Juni mpaka Ogasiti, ndipo Newlands ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'dziko lonse la South Africa. Dzuwa limabisala msanga kuseri kwa phiri, makoma amagwira chinyontho, zovala m'kabati zimachita chuku. Masamba amatseka mipaipi ya madzi a padenga, mizu imalowa m'mipaipi ya pansi n'kutukula mpanda, ndipo mtengo waukulu ukafuna kugwera padenga, odula ake amalipiritsa ngati akukugulitsa mtengowo. Kapinga amafuna wantchito, damu losambiramo limafuna mankhwala, mpanda wautali umafuna waya wamagetsi ndi kampani ya alonda. Nyumba zambiri kumeneko ndi zakale, ndipo lamulo la dzikolo limati nyumba yopitirira zaka 60 siisinthidwa kapena kugumulidwa popanda chilolezo.

Pali zaka ziwiri zimene eni nyumba zimenezi saziiwala. Mu 2018, chilala chitafika povuta, khonsolo ya mzindawu inalamula kuti munthu aliyense asapitirire malita 50 a madzi pa tsiku. Minda yodula ija inauma, ndipo anthu, olemera ndi osauka omwe, ankafola ndi zigubu pa kasupe wa ku Newlands. Mu Epulo 2021 moto wolusa unatsika m'phiri n'kuwotcha laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town ku Rondebosch. Mitengo imene imapereka mthunzi ndi yomweyo imadyetsa moto.

Nanga nyumbayo imabweretsa chiyani? Apa mpamene kusiyana kwa mbali ziwirizi kumafanana kwambiri ndi malonda athu. Kasitomala wa kunyanja ndi mlendo wodzaona malo. Amalipira bwino pa usiku umodzi, koma amabwera mwaunyinji Disembala mpaka Febuluwale, nthawi yozizira n'kuchepa. Mu 2020 malire atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, mafulati ambiri anangokhala opanda munthu pamene levy ikuwerengabe. Kasitomala wa m'mitengo ndi banja lofuna kukhala pafupi ndi sukulu zotchuka monga SACS, Bishops, Herschel, Westerford kapena Rondebosch Boys', kapenanso ophunzira ndi aphunzitsi a pa yunivesite. Amenewa amasaina lendi ya chaka chathunthu, ndipo mwana akalowa sukulu banjalo silisuntha msanga. Woyambayo ali ngati wogulitsa maambulera, wachiwiriyo ngati wogulitsa mchere ndi sopo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndangowaika kuti tiphunzirire njira yake, si mitengo ya pamsika. Tiyerekeze fulati ya kunyanja ndi nyumba ya m'mitengo, iliyonse yogulidwa pa R8 miliyoni. Fulati ija ikugonetsa alendo pa R3,500 usiku umodzi. Wotsatsa adzakuchulukitsirani ndi masiku 365 kuti maso atuluke, koma inu ikani mausiku 150 okha: R525,000. Chotsanipo R105,000 ya woyang'anira alendo ngati akutenga 20 peresenti, R60,000 ya levy, R72,000 ya msonkho wa khonsolo, magetsi, madzi ndi intaneti, ndi R40,000 yokonzera zowonongeka. Yatsala R248,000.

Nyumba ya m'mitengo ija tinene kuti lendi ndi R32,000 pa mwezi, pa chaka R384,000. Chotsanipo R38,400 ya ejenti, R54,000 ya msonkho ndi inshulansi, ndi R60,000 ya dimba ndi kukonza. Yatsala R231,600. Mukuona kuti zangotsala pang'ono kufanana. Kusiyana kumaoneka chaka chikasintha. Alendo akachuluka mausiku n'kufika 200, fulati imasiya R388,000. Akachepa n'kukhala 90, imasiya R80,000 yokha. Nyumba inayo ikakhala miyezi iwiri yopanda munthu, imasiyabe R174,000. Ina imadumpha n'kugwa, ina imangoyenda mwakachetechete.

Onaninso ichi. R248,000 pa mpamba wa R8 miliyoni ndi pafupifupi R3 pa R100 iliyonse, pa chaka chathunthu. Mayi wogulitsa tomato amazunguliza mpamba wake kangapo pa sabata. Nyumba ndi katundu wochedwa kuyenda, phindu lake lalikulu limadikira tsiku logulitsa, ndipo tsiku limenelo wogula nyumba ya mamiliyoni sapezeka ngati wogula bonya. Polowa pamakhalanso zolipira zimene sizibwerera. Ku South Africa wogula amalipira msonkho wosinthira umwini ku bungwe lotolera misonkho la SARS, umene umakwera motsatira mtengo wa nyumba mpaka 13 peresenti pa gawo lapamwamba la nyumba zodula kwambiri, kuphatikizapo ndalama ya loya wolembetsa umwiniwo. Potuluka, ejenti amadulanso yake. Wogula lero n'kugulitsa chaka chamawa kawirikawiri amangogwirira ntchito anthu amenewa.

Mukandifunsa ine, banja la ana a sukulu limene ndalama zake zikuchokera m'bizinesi yoti ikufunabe mpamba ligule kuseri kwa phiri, ndipo ligule nyumba yocheperako kuposa imene mtima ukufuna. Kunyanja n'kwa munthu amene angapirire chaka chowuma osakhudza katundu wa m'shopu. Mayendedwe nawonso awerengedwe. Madera a kunyanja amadalira kwambiri msewu wa Victoria Road, umene umadzaza nthawi ya tchuthi, ngakhale kuti mabasi a MyCiTi amafikako. Kuseri kuli msewu wa M3, umene umathithikana m'mawa, ndi njanji yodutsa Rondebosch, Newlands, Claremont ndi Wynberg. Wantchito wa pakhomopo akamakwera kawiri kapena katatu kuti afike, ndalama imeneyo imatuluka m'thumba la wina, ndipo abale athu ali kumeneko angakuuzeni kuti nthawi zambiri ndi thumba lawo.

Kuno kwathu funso lomweli lilipo, kungoti manambala ndi ena. Wamalonda amene wapeza kangachepe amauzidwa ndi madobadoba kuti poloti ya m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, Nkopola kapena Cape Maclear ndi golide, pamene mkazi kapena mwamuna wake akufuna malo a mthunzi ku Zomba kapena m'mphepete mwa Lilongwe, pafupi ndi sukulu ndi msika. Nyanja yathu ilibe mchere, ndiye vuto la dzimbiri lija ndi lochepa, koma ili ndi khalidwe lake. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Mchenga umene alendo ankaulipirira unamira, ena anatseka kwa miyezi. Alendo a kunyanja kwathu nawonso ndi a nyengo: Khirisimasi, Pasaka, tchuthi cha Tsiku la Amayi mu Okutobala ndi misonkhano ya mabungwe. Malo ambiri m'mbali mwa nyanja ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, kotero kalata ya amfumu yokha isakukhutiritseni. Kafunseni ku ofesi ya za malo ya boma ngati malowo sanalembetsedwe kale m'dzina la wina, komanso ngati n'kololedwa kumangapo.

Wogulitsa aliyense amaonetsa katundu wake nthawi imene akuoneka bwino, ndipo ife amene timaika tomato wamkulu pamwamba pa mulu sitingamudzudzule. Inu ndiye musankhe tsiku lokaona. Ku Camps Bay pitani masana a Januwale mphepo ikuwomba, ku Newlands pitani mu Julayi mvula itagwa masiku atatu, mutsekule makabati ndi kununkhiza. Ku Senga Bay kapena Mangochi pitani mu Epulo kapena Meyi, pamene nyanja imakhala itadzaza, ndipo musapite ndi dobadoba. Kakhaleni ndi asodzi padoko, muwafunse pamene madzi anafika mu 2024, kenako mukayang'ane nokha mzere umene anasiya pa makoma a nyumba zoyandikana ndi polotiyo.