Mnzanga ali kumapiri a ku Nepal ndipo sakundiyankha

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Lilongwe. Ndili ndi mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo yemwe tinadziwana tili Fomu 1. Iye anapita ku Manchester kukagwira ntchito ya unamwino, koma ngakhale anali kutali choncho sitinkagona osalankhulana pa WhatsApp. Chaka chino wasiya ntchito, wabereka chikwama chimodzi kumsana n'kuyamba kuyendera maiko, akuti kwa miyezi isanu ndi itatu. Anayambira ku India, pano ali ku Nepal komwe akuzungulira wapansi mapiri a Annapurna. Chichokereni ku Kathmandu, uthenga wanga umatha masiku anayi osayankhidwa, ndipo akayankha amangolemba mawu awiri atatu. Chikundipweteka kwambiri n'chakuti pa status amaika zithunzi ali kuseka ndi anzake atsopano. Mayi anga agonekedwa m'chipatala ndi matenda a impso. Mnzangayu amawatenga ngati mayi ake omubereka, koma sindinamuuze poopa kumusokonezera ulendo. Usiku ndimangoyang'ana foni, pena kuopa kuti wagwa kuphiri, pena kukwiya kuti wandiiwala. Kodi ndingomuleka?

Wosweka mtima, Lilongwe

Mwana wanga,

Pepa kwambiri ndi matenda a mayi, Mulungu awakhudze. Mnzakoyo usamuleke, ndipo za mayi umuuze sabata yomwe ino. Koma poyamba ndikufotokozere kumene iye ali, chifukwa ndikuona kuti mkwiyo wako wambiri ukuchokera pa kusaona bwino moyo umene akukhala.

Njira yozungulira Annapurna anthu amaiyenda milungu iwiri kapena itatu. Amayambira kumunsi, cha ku Besisahar, n'kumakwera tsiku ndi tsiku mpaka pampata wa Thorong La, womwe uli pamtunda wa mamita 5,416. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ili pa mamita 3,002 okha, ndiye uone kutalika kwake. Cha ku Thorong La mpweya ndi wochepa, munthu amapuma mwawefuwefu ngakhale pomanga zingwe za nsapato. Amagona m'tinyumba ta alendo ta m'midzi, momwe WiFi, ikapezeka, nthawi zambiri imakhala yolipira ndiponso yokwawa. Akamakwera pamwamba, kutchaja foni nakonso amalipira, ndipo chisanu chimamaliza batire msanga. Pali zigwa zina zimene netiweki ya Ncell kapena ya Nepal Telecom sifika n'komwe. Ukaona kachizindikiro kamodzi kokha pa uthenga wako, dziwa kuti uthengawo sunalowe m'foni mwake. Sangayankhe chimene sanachione.

Palinso nkhani ya nthawi. Nepal ili patsogolo pa Malawi ndi maola atatu ndi mphindi 45. Iwe ukamaweruka 5 koloko madzulo, kwa iye nthawi ikuthamangira 9 koloko usiku, ndipo munthu amene wayenda pansi tsiku lonse amakhala atafunda kale. Ukamayang'ana foni pakati pa usiku, iye ali m'tulo tofa nato, kapena akudzuka kuti anyamuke kusanache.

Ndikudziwa kuti chikukulasa mtima ndi zithunzi zija. Munthu amene wapeza WiFi ya mphindi khumi ali ndi makolo, abale, anzake a ku Manchester ndi iwe, nonse mukudikira. Chithunzi chimodzi pa status chimauza onsewo nthawi imodzi kuti ali moyo. Kuyankha iwe ndi ntchito ina, chifukwa iwe si munthu womulembera kuti "bhobho" n'kutseka foni. Ambiri amati ndimuyankha bwino ndikakhala pansi, tsiku n'kutha, lina n'kubwera. Sindikunena kuti akuchita bwino. Mphindi imodzi yokulankhula akanatha kuipeza, ndipo uli ndi ufulu womuuza zimenezo. Koma kuchedwa kuyankha sikutanthauza kuti wakutaya. Za anzake atsopanowo usade nazo nkhawa: apaulendo amakumana pamalo ogona, amayenda limodzi masiku angapo, kenako aliyense amalowera kwake. Palibe mwa iwo amene amadziwa dzina la mayi ako.

Ndiye pa nkhani ya mayi. Ukuganiza kuti ukumuteteza, koma taganiza mmene adzamvere akadzatsika kuphiri n'kumva kwa munthu wina kuti mayi anakhala m'chipatala mwezi wathunthu iye akuika zithunzi zoseka. Adzachita manyazi, ndipo adzakufunsa chifukwa chake unamuyesa mlendo. Iwenso ukumukwiyira kuti sakukutonthoza pa chinthu chimene unamubisira. Apa m'pamene ubwenzi wanu ungang'aluke, osati pa mapiri. Mulembere mwachidule chonchi: "Mayi agonekedwa ndi vuto la impso, akulandira chithandizo. Sindikufuna udule ulendo wako, ndikungofuna mawu ako. Ukapeza netiweki yabwino undiimbire." Lemba ndithu m'malo mojambula mawu, poti uthenga wolemba umadutsa ngakhale netiweki ili yofooka. Usalembe kuti "undiimbire msanga, kuli nkhani" osanena nkhaniyo, chifukwa munthu ali kutali amayamba kuganiza za maliro. Akatsika ku Thorong La amafika ku Muktinath, kenako ku Jomsom ndi Pokhara, komwe mungacheze momasuka.

Mukadzalankhulana, pangani pangano limene onse awiri mungalikwanitse. Zolankhulana tsiku lililonse zija ziimitseni kaye mpaka adzabwere. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, tinene Lamlungu masana kuno, loti muziimbirana akakhala m'tauni. Akamalowa kumalo opanda netiweki azikuuziratu kuti ndisowa masiku mwakuti, ndikatulukira pamalo akuti. Ukadziwa tsiku limene adzamveke, tulo udzatipeza.

Mantha ako akuti wagwa kuphiri sindikuwapeputsa. Mu Okutobala 2014 chimphepo cha chipale chofewa chinapha anthu oposa 40 m'dera lomwelo, ambiri cha ku Thorong La, ndipo matenda obwera chifukwa chokwera msanga pamwamba amavutitsa anthu chaka chilichonse. Koma njirayo imadutsa anthu ambirimbiri, muli malo amene oyenda amalembetsa ziphaso zawo, ndipo ku Manang kuli kachipatala ka bungwe la Himalayan Rescue Association. Chimene chingakuthandize ndi kukhala ndi zinthu zogwirika m'manja: dzina ndi nambala ya kampani kapena munthu amene akumuperekeza, dzina la kampani ya inshuwalansi yake, ndi nambala ya m'bale wake mmodzi. Mugwirizane kuti akapyola masiku awiri kapena atatu pa tsiku limene analonjeza, uyambe kufunsa kwa anthu amenewo. Uchenjerenso ndi ichi: ukadzalandira uthenga wochokera pa nambala yachilendo, kapena ngakhale yake yomwe, wonena kuti wabedwa ndipo umutumizire ndalama mwachangu, usatumize usanamve mawu ake. Foni zimabedwa paulendo, ndipo akuba amadziwa kulemba ngati mnzako.

Chinanso chimene otsala kumudzi amalakwitsa ndi kuganiza kuti nkhani zawo n'zosakoma poyerekeza ndi za mnzawo amene akuona maiko. Amangofunsa "uli kuti, waona chiyani", za iwo eni osanena. Munthu amene wakhala miyezi akudya mpunga ndi mphodza za ku Nepal, akufotokozera mlendo aliyense kuti Malawi ili pati, amalakalaka womulankhula Chichewa. Muuze kuti mango ayamba kupsa, kuti mwana wa uje wakwatiwa, kuti mayi lero adya phala n'kumufunsa. Tumiza osawerenga kuti iye wayankha kangati. Adzazipeza zonse pamodzi tsiku limene foni idzagwire.

Ngati ungamuuze za mayi, iye n'kufika ku Pokhara, netiweki ilipo, koma osakuimbira, pamenepo udzakhala ndi mlandu weniweni woti mukambirane, ndipo udzamuuze mosapita m'mbali kuti zakupweteka. Sindikukhulupirira kuti zifika pamenepo. Pakadali pano, kudwazika matenda a impso n'kolemetsa, ndipo mnzako ali ku Nepal sangakuphikire kapena kukulandira pa chipatala usiku. Itana azakhali ako enieni, amayi a kumpingo kapena mnzako wa kuntchito kuti muzisinthana, kuti iwenso uzipeza nthawi yogona.

Azakhali