Mtchetcha: Kuyesa ndi Kusamala Mwendo Wotupa

M'chaka cha 2020 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti matenda a mtchetcha salinso chiopsezo chachikulu m'Malaŵi muno. Komabe m'maboma monga Chikwawa, Nsanje ndi Karonga mukadali anthu amene miyendo yao idatupa kale. Ngati m'banja mwanu muli munthu wotere, ŵerengani phunziro ili mosamala, pakuti chithandizo chake chachikulu chili m'manja mwanu.

Kodi kutupaku kumayamba bwanji?

M'thupi muli timitsempha timene timachotsa madzi otsalira m'minofu ndi kuwabwezera m'magazi. Timitsemphati timadutsa m'anabere a m'mphechepeche ndi a m'khwapa. Udzudzu ukamaluma, ungathe kusiya tinyongolotsi timene timakulira m'timitsemphamo ndi kutiwononga. Madzi akasoŵa njira amadzaza m'mwendo, ndipo pakapita zaka khungu limakhuthala ndi kuuma. Mkono ungathenso kutupa chimodzimodzi mwa mai amene adamchotsa bere ndi anabere chifukwa cha khansa. Mtchetcha suchokera kwa mfiti, ndipo simungautenge pogwira kapena posambitsa wodwala.

Kuyesa kutupa

1. Dinikizani chala chachikulu pamsana pa phazi kwa kanthaŵi. Pakatsala kadzenje ndipo kutupa kumaphwa wodwala akagona usiku, matenda akadali poyambira.
2. Tsinani khungu la patsinde pa chala chachiŵiri cha phazi. Likakana kutsinika, ndiye kuti layamba kukhuthala.
3. Onani ngati pali makwinya akuya, ziphuphu zolimba, ming'alu, zilonda kapena fungo. Musaiŵale pakati pa zala.
4. Kamodzi pa mwezi zungulizani chingwe pamalo amodzimodzi a mwendo ndi kumanga mfundo. Mudzadziŵa ngati kutupa kukukula kapena kukuchepa.

Miyendo yonse iŵiri ikatupa pamodzi wodwala nkumapuma movutikira, kapena mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi ndi ululu, thamangirani kuchipatala. Angakhale matenda a mtima, a impso kapena a mitsempha ya magazi.

Kuyesa ngati khungu likumva

Khungu ndi mlonda wa thupi. Lili ndi timitsempha timene timamva kukhudza, kulasa, kutentha ndi kuzizira. Khungu lokhuthala silimva bwino, ndipo khate ndi matenda a shuga zingathe kupheratu kumvako. Wodwala wotere amaponda minga kapena kupsa ndi moto osazindikira, tizirombo nkuloŵera pa balapo.

Muuzeni wodwala atsinzine. Mkhudzeni ndi nthenga kapena thonje pa zala, pamsana pa phazi ndi pa katumba, ndipo aloze pamene mwamkhudza. Kunsi kwa phazi khudzani pang'ono ndi nsonga ya cholembera, pakuti khungu la kumeneko ndi lolimba. Yesaninso mwendo winawo kuti mufananize. Musagwiritse ntchito singano kapena madzi otentha. Mukapeza malo adzanzi, kauzeni a chipatala.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku

1. Sambitsani mwendo ndi sopo ndi madzi oyera osatentha, m'maŵa ndi madzulo. Tsukani m'makwinya ndi pakati pa zala, koma osakwecha ndi mwala.
2. Pukutani mofatsa ndi nsalu yoyera mpaka paume.
3. Pakani mankhwala a kuchipatala pa zilonda. Pa khungu louma pakani mafuta, koma osati pakati pa zala.
4. Pokhala pansi, wodwala atsamiritse mwendo pa mpando. Pogona auike pa mtsamiro.
5. Azigwedeza phazi ndi kuimirira pa zala kangapo pa tsiku kuti madzi aziyenda.
6. Avale nsapato zofeŵa, zosathina, ndipo azikutumule asanavale.
7. Musateme mphini pa mwendo wotupa. Mphini ndi khomo la tizirombo.

Matenda akabuka

Nthaŵi zina mwendo umatentha, kufiira ndi kuŵaŵa kwambiri, wodwala nkumanjenjemera monga wa malungo. Apo ndiye kuti tizirombo taloŵa pa khungu. Mugonekeni, ikani nsalu yonyoŵa ndi madzi ozizira pa mwendo, mupatseni madzi akumwa ambiri, ndipo aleke maseŵera olimbitsa mwendo kufikira atachira. Mutengereni kuchipatala kuti akalandire mankhwala opha tizirombo. Matenda akabuka kaŵirikaŵiri, kutupa kumaonjezeka ndipo munthu amalephera kulima.

Abambo amene ali ndi phudzi asachite manyazi. Vuto limeneli limatha ndi opaleshoni kuchipatala.

Kumbukirani: mankhwala amapha tinyongolotsi, koma sakonza timitsempha timene tidawonongeka kale. Chimene chimaletsa kutupa kukula ndicho sopo, madzi ndi maso a pa banja. Gonani m'masikito usiku uliwonse, ndipo funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuonetseni kasambitsidwe koyenera.