Kodi thupi lingazolowere utomoni wa mango?

Funso: Mayi wina wa ku Salima walemba kuti mwana wake amatuluka tizilonda toyabwa kuzungulira pakamwa nyengo ya mango ikafika. Anansi akuti azimupaka utomoni pang'onopang'ono kuti thupi lizolowere. Kodi atero?

Yankho: Mayi, chonde musatero. Chikumuvuta mwanayo chili m'khungu la bango, m'masamba ndi mu utomoni, pomwe mnofu wake nthawi zambiri sukhala ndi vuto. Mtengo wa mango ndi wa banja limodzi ndi mbibu komanso poison ivy wa ku America, chomera chokhala ndi mafuta oyabwitsa otchedwa urushiol. Mafuta a mu utomoni wa mango amafanana nawo kwambiri, choncho chitetezo cha thupi chikadana ndi amodzi chimatha kudananso ndi enawo. N'chifukwa chake munthu amene adapwetekedwapo ndi poison ivy amatha kutupa atangogwira mango koyamba. Zotupazo siziwoneka nthawi yomweyo, zimatuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Tsono kupaka utomoni pakhungu ndi njira yeniyeni imene thupi limaphunzirira chidani chimenechi, ndipo mukabwereza mumangochikulitsa.

Wina anganene kuti ife tidakula tikudya mango osasenda, bwanji ambiri sitivutika? Pamenepa pali nzeru ndithu. Ku Israel, kafukufuku wa mu 2005 adapeza kuti achinyamata ochokera ku America amene ankathyola mango adatuluka zotupa, pomwe anzawo a komweko sadatuluke, ndipo ofufuzawo adaganiza kuti kudya mango kuyambira kale kudawateteza. Komatu kumeneko n'kuteteza thupi lisanayambe kudana ndi chinthucho. Likayamba kale, nkhani imasintha. Madokotala a ku America adayesa kwa zaka zambiri kumwetsa anthu urushiol pang'onopang'ono. Ambiri ankayabwa thupi lonse, mpaka kotulukira chimbudzi, ndipo chitetezo chochepa chimene ena ankapeza chinkatha akasiya kumwa. Ngati zidakanika kuchipatala ndi muyezo wosamala, pakhomo sizingatheke.

Mango azisendedwa ndi munthu wina ndi mpeni wotsuka, mwanayo adye mnofu wodulidwa, asakwere mumtengo. Utomoni ukamugwera, musambitseni ndi sopo msangamsanga. Zotupazi sizipatsirana, ndipo kuchipatala ali ndi mankhwala opaka monga hydrocortisone. Koma akatupa milomo ndi kubanika atangodya, limenelo ndi vuto lina loopsa. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.