Malangizo: Kusankha ndi Kulumikiza Mota Yaing'ono ya DC

Achinyamata a ku Kanyama, Matero ndi Chawama amene amapanga tigalimoto kapena timafani ta m'nyengo yotentha ya Okutobala angapeze mota ya DC, ndiko kuti yoyendera magetsi opita mbali imodzi ngati a batire, m'makina akale oonetsera ma DVD omwe okonza mawailesi amataya. Mota yotere imafuna mavolti 3 mpaka 6, choncho chaja ya foni ya mavolti 5 imaikwanira, pomwe batire ya galimoto ya mavolti 12 ingaipsereze. Ikazungulira chobwerera, mawaya ake awiri asinthanitsidwe. Siyenera kugwiridwa kuti iime ili pamagetsi, pakuti pamenepo imakoka mphamvu yochuluka n'kutenthetsa waya wa mkati. Ndipo woilumikiza ku Arduino, kakompyuta kakang'ono kowongolera zipangizo zamagetsi, aike transistor pakati, pamodzi ndi diode yotchinga magetsi obwerera mota ikazimitsidwa.