PHUNZIRO 6: AGOGO OIWALA SI MFITI

Cholinga

Tidziwe zimene zimachitika mu ubongo wa munthu wodwala matenda oiwala, kuti titeteze okalamba athu.

Mau oyamba

M'midzi mwathu timamva za agogo opezeka usiku pakhomo pa eni, osadziwa kumene achokera. Ena amathamangira kunena kuti agwa pa ndege ya ufiti, nayamba kuwamenya. Komatu agogo otere akhoza kukhala akudwala matenda a ubongo otchedwa dementia. Bungwe la WHO lidati mu 2021 anthu 57 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matendawa. Ambiri amadwala mtundu umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adaufotokoza mu 1906.

Chimachitika n'chiyani?

Ubongo wathu uli ndi maselo pafupifupi 86 biliyoni amene amatumizirana mauthenga. Selo lililonse lili ndi timakomo tolandirira uthenga, ndipo kukumbukira kumadalira timakomo timeneti. Ubongo umapanganso puloteni yotchedwa amyloid, n'kumaichotsa. Ikachuluka, imaundana ndi kukakamira pa timakomo tina. Zikatero, njira zolumikiza maselo zimafooka ndi kuduka, kenaka maselowo amafa. Izi zimayamba mwakachetechete zaka 15 kapena 20 zizindikiro zisanaoneke.

Mbali imene imayamba kuonongeka ndi yosunga zinthu zatsopano. N'chifukwa chake agogo amafotokoza bwino za njala ya 1949, koma amaiwala kuti adya kale nsima. Akatuluka usiku, njira yobwerera kunyumba imawasokonekera.

Mankhwala ochiziratu sanapezeke. A lecanemab, amene adavomerezedwa ku America mu 2023, amachotsa amyloid koma amangochedwetsa matendawa.

Udindo wathu

Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 amateteza moyo ndi ulemu wa munthu aliyense. Choncho:

1. Tipite nawo kuchipatala agogo amene ayamba kuiwala, popeza zina zoiwalitsa zimachizika.
2. Tiwadziwitse amfumu ndi anansi za matendawo, kuti agogo akasochera awabweze kunyumba.
3. Tikanene kupolisi okalamba akamaopsezedwa.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwathu timawatani okalamba oiwala?
2. Tikapeza agogo osochera usiku, tichite chiyani poyamba?
3. Ife tikadzakalamba, tidzafuna kuti adzatisamale motani?