Mmene Kampani ya Foni Imadziwira Komwe Muli

Muli ku Nsanje ndipo mukufuna kuyankhula ndi mwana wanu amene ali ku Mzuzu. Mumangodina nambala yake, osatchula dera limene iye ali, koma posakhalitsa foni yake imayamba kulira. Izi zimatheka chifukwa kampani ya foni imakhala ikudziwa kale mbali imene foniyo ili. Ikanakhala kuti sikudziwa, bwenzi mawu anu akusowa kolowera.

Foni ya m'manja imalankhulana ndi mlongoti wa netiweki, zitsulo zazitali zija timaziona pamapiri ndi m'mbali mwa misewu. Mlongoti uliwonse uli ndi nambala yake, ndipo kampani imadziwa malo enieni pamene inauzika. Mukayatsa foni, imafunafuna mlongoti umene ukumveka bwino n'kudzidziwitsa kwa iwo. Zili ngati mlendo amene wafika m'mudzi n'kukaonekera kwa amfumu, kuti uthenga wake ukabwera, anthu adziwe khomo lokagogoda. Foni imachita zimenezi yokha, ngakhale ili m'thumba. Ikachoka m'dera la milongoti ina n'kulowa m'dera la ina, imanena kuti yasamuka. Ikakhalitsa malo amodzi, imadzikumbutsabe nthawi ndi nthawi.

Pamene mukuimba, kutumiza uthenga kapena kulowa pa intaneti, kampani imadziwa mlongoti weniweni umene mwalumikizana nawo. Imathanso kudziwa zoposa pamenepo. Milongoti yambiri imakhala ndi timabokosi titalitali toyang'ana mbali zitatu, choncho zimaoneka ngati muli chakum'mawa kwa mlongotiwo kapena mbali ina. Kutalika kwa mtunda nakonso kumayezeka. Mafunde a foni amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe amene achokera kutali amachedwako pang'ono, ndipo makina amaiwerenga nthawi yochepayo. Pa netiweki ya 2G, muyezowu umayenda m'magawo a mamita pafupifupi 550. Milongoti itatu ikamamva foni imodzi, malo amene miyezo yawo ikukumana ndi pamene pali mwini foniyo.

N'chifukwa chake munthu wa m'tauni amapezeka msanga kuposa wakumudzi. Ku Limbe milongoti ndi yoyandikana, ndipo uliwonse umayang'anira kadera kakang'ono. Kumudzi mlongoti umodzi umatumikira midzi yambiri, ndipo pa 2G ungathe kufika makilomita 35. Kumeneko kampani ingadziwe chigawo chimene muli, koma osati nyumba.

Ambiri amasokoneza zimenezi ndi GPS. GPS ndi njira ina. Mafoni amakono amamvetsera masetilaiti amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo foni ikamva anayi imawerengera yokha pamene ili. Mukazimitsa Location pafoni yanu, mwatsekereza mapulogalamu monga Google Maps, koma mlongoti ukukumvanibe. Ngakhale kafoni ka mabatani kopanda intaneti kamaoneka pa netiweki. Kulankhulanaku kumatha mukazimitsa foni, ndipo ngakhale apo, mlongoti womaliza umene munali nawo umakhala utalembedwa.

Kodi kampani imadziwa bwanji kuti foniyo ndi yanu? Pali nambala ziwiri. Ina ili m'simukhadi, ina ndi ya foni yeniyeniyo. Yachiwiriyi imatchedwa IMEI, ili ndi manambala 15, ndipo simasintha ngakhale musinthe simukhadi. M'Malawi muno, bungwe la MACRA linalamula m'chaka cha 2018 kuti aliyense alembetse simukhadi yake posonyeza chiphaso. Kuyambira pamenepo, nambala ya TNM kapena ya Airtel imayenda ndi dzina la munthu.

Chimene chiyenera kutiganiziritsa kwambiri ndi kaundula. Mukaimba, makina amalemba nthawi, nambala imene mwaimbira ndi mlongoti umene munali nawo. Mzere umodzi wotere sunena zambiri, koma mizere ya miyezi ingapo imaulula moyo wonse wa munthu: komwe amagona, komwe amagwira ntchito, tsiku limene anapita kuchipatala, msonkhano umene anakakhalapo. Wandale wina wa ku Germany, Malte Spitz, anasumira kampani ya Deutsche Telekom kuti imupatse zimene inasunga zokhudza iye. Analandira mizere yoposa 35,000 ya miyezi isanu ndi umodzi yokha. Itaikidwa pamapu m'chaka cha 2011, aliyense ankatha kutsatira maulendo ake tsiku ndi tsiku.

Kaundulayu amathandizanso. Chivomerezi chitagwedeza dziko la Haiti mu 2010, akatswiri anagwiritsa ntchito kaundula wa kampani ya Digicel, mayina atachotsedwamo, kuona komwe anthu anathawira kuchoka mumzinda wa Port-au-Prince, kuti thandizo liwatsatire. Apolisi nawonso amamudalira pofufuza milandu. Komatu chinthu choulula zambiri chonchi sichiyenera kutsegulidwa ndi aliyense amene wangofuna. Ku America, khoti lalikulu linagamula mu 2018 kuti apolisi azitenga kaye chilolezo cha khoti asanaone kaundula wa malo amene munthu wayenda. Ine ndimaona kuti chigamulo chimenechi n'cholondola, chifukwa amene akudziwa mayendedwe anu onse ali ndi mphamvu yaikulu pa inu.

Tsopano tengani foni yanu. Dinani *#06# ndipo nambala ya IMEI ituluka. Muilembe m'kope mwanu, kenako muyerekeze ndi imene ili pabokosi la foniyo ngati mukadali nalo. Foni ikadzabedwa, mudzapite nayo nambalayo kupolisi.