PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MANTHA A KU FUKUSHIMA

Pa 11 March, 2011, cibvomezi cacikulu cinagwedeza dziko la Japan. Pambuyo pake nyanja inakwera kumtunda ndi mafunde aatali, nikokolola midzi ndi mizinda. Anthu oposa 18,000 anafa kapena kusowa.

M'mbali mwa nyanjayo, ku Fukushima, munali makina opanga magetsi ndi mphamvu ya atomiki. Ng'anjo za makina otere zimatentha kwambiri, ndipo ziyenera kuziziritsidwa ndi madzi usana ndi usiku. Mafunde anamiza injini zoyendetsa mapampu a madziwo, ng'anjo zitatu zinasungunuka m'kati, ndipo m'mlengalenga munalowa fumbi lotulutsa ceza cochedwa radiation. Ceza cimeneci sicioneka ndi maso, ndiponso sicinunkha. Nca mtundu wa cija ca X-ray ku cipatala: cikacepa sicibvuta kwenikweni, koma cikacuruka cidwalitsa. Boma linalamula kuti onse okhala m'kati mwa makilomita 20 acoke, ndipo osamuka onse anaposa 150,000.

Manyuzipepala ndi mawailesi a m'maiko ambiri analeka msanga kunena za omira m'madzi, nayamba kunena za ceza tsiku ndi tsiku. Eni ake a makinawo, a kampani ya TEPCO, anacedwa mpaka mwezi wa May kubvomera kuti ng'anjo zinasungunuka, motero anthu analeka kukhulupirira akuluakulu. Mphekesera zinayenda. Ku China anthu anagula mcere mpaka unatha m'masitolo, poganiza kuti udzawachinjiriza. Mcere ulibe mphamvu yotero.

Nanga zotsatira zake zinali zotani? Akatswiri a bungwe la United Nations lochedwa UNSCEAR analengeza mu 2021 kuti sanapeze matenda mwa anthu a m'deralo amene anganenedwe kuti anadza ndi ceza. Mu 2018 Boma la Japan linabvomera kulipira banja la wanchito mmodzi wa pa makinawo amene anafa ndi khansa. Koma anthu oposa 2,000 a ku Fukushima, makamaka nkhalamba ndi odwala, anafa cifukwa ca mabvuto a kusamuka: kucotsedwa m'zipatala mofulumira, kusowa mankhwala, ndi cisoni cosiya kwao.

Alimi nawonso anasauka. Kuyambira 2012 thumba liri lonse la mpunga wa ku Fukushima linali kupimidwa, ndipo pa zokolola za 2015 sipanapezeke ngakhale limodzi lopyola muyeso wa Boma. Komabe ogula ambiri anaukana pongomva dzina la malowo.

Ngoziyo inali yeniyeni, koma mantha anaononga kopambana cezaco. Cifukwa cake, owerenga athu, mukamva mbiri yoopsa, yambani mwafunsa mafunso atatu awa:

1. Kodi coopsaco ncocuruka bwanji, ndipo anacipima ndani?
2. Ciri kutali bwanji ndi kuno?
3. Tikathawa, kodi okalamba ndi odwala tidzawasamala motani?

Akuluakulunso aphunzirepo kuti kubisa coona kumabala mphekesera. Aphunzitsi akambe nkhaniyi ndi ana a sukulu, ndipo odziwa kuwerenga awerengere anzao pa bwalo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.